Masheya akagwa mtengo, tigule ati?

Awa ndi mawu amene anakambidwa pa msonkhano wa anthu ofuna kuphunzira za msika wa masheya. Tawasindikiza monga anayankhulidwira.

 Mwandipempha kuti ndikambepo pa funso limodzi: pamene mitengo ya masheya ikugwa ndipo aliyense akuthamangira kugulitsa, munthu wofuna kugula angasankhe bwanji masheya abwino?

Funso limeneli likutikhudza tonse. Ena mwa inu munagwira ntchito zaka zambiri ku Joni, ku Harare, ku Lusaka kapena ku Mangalande, ndipo ndalama za penshoni yanu zili m'makampani a kumeneko, ngakhale kuti inu eni simunagulepo sheya ndi imodzi yomwe. Ena munalandira masheya a Old Mutual m'chaka cha 1999, pomwe kampaniyo inagawira masheya anthu amene anali ndi inshuwalansi yake. Enanso mwagula masheya pa msika wathu wa ku Blantyre, womwe unayamba malonda mu Novembala 1996 ndi kampani imodzi yokha, ya NICO. M'zaka za 2023 ndi 2024 mitengo pa msika umenewu inakwera kwambiri, moti munthu amene analowa nthawi imeneyo akhoza kumaganiza kuti masheya amangokwera basi. Koma palibe msika pa dziko lapansi umene sutsika. Denga timafolera m'chilimwe, osati mvula ikuvumba.

Tiyambe ndi kukumbutsana kuti sheya n'chiyani. Sheya ndi kachigawo ka kampani. Mukagula sheya ya kampani ya shuga, ndiye kuti minda ya nzimbe, fakitale, magalimoto ndi phindu la kampaniyo, pang'ono pokha ndi zanu. Ngongole zake nazonso zikukukhudzani. Mtengo umene mumauona m'nyuzipepala ndi ndalama imene wogula ndi wogulitsa anagwirizana tsiku limenelo. Mtengowo si kampaniyo ayi. Mtengo ukhoza kugwa m'mawa umodzi, koma nzimbe m'munda zikukulabe ndipo anthu akumwabe tiyi wothira shuga.

Nonse mumadziwa mmene chimanga chimayendera pa msika. Mu Meyi ndi mu Juni, nthawi yokolola, mtengo umatsika chifukwa aliyense akugulitsa. Wanzeru amagula nthawi imeneyo, n'kuthira mankhwala, n'kusunga mpaka Januwale ndi Febuluwale pomwe mtengo wakwera. Koma pa msika womwewo pamapezekanso chimanga china chotsika mtengo chifukwa anankafumbwe anachilowa kale. Matumba awiriwa kunja amaoneka ofanana, mtengonso wofanana. Wosapisa dzanja m'thumba amakatsegula mu Januwale n'kupeza ufa wokhawokha. Nkhani yanga yonse yagona pamenepa. Msika ukamagwa, makampani abwino ndi ofumbwa omwe amatsikira limodzi, ndipo ntchito ya wogula ndi kupisa dzanja kuti adziwe kuti ili ndi thumba liti.

Tione zimene zinachitika m'chaka cha 2008, chifukwa ndi phunziro lalikulu la m'badwo wathu. Ku America mabanki anakongoza ndalama zogulira nyumba kwa anthu ambiri amene sakanatha kubweza, kenaka ngongolezo anazimanga mitolo n'kumagulitsana okhaokha mpaka ku Ulaya. Mitengo ya nyumba itayamba kutsika, mitolo ija inaola. Pa 15 Seputembala 2008 banki yaikulu ya Lehman Brothers, imene inali itakhala zaka zoposa 150, inagwa. Muyeso wa masheya a makampani akuluakulu 500 a ku America, wotchedwa S&P 500, unali pa 1,565 mu Okutobala 2007, koma pofika pa 9 Malichi 2009 unali pa 676. Kumeneku n'kutsika ndi pafupifupi 57 peresenti. Munthu amene anali ndi masheya a madola 100 anatsala ndi a madola 43.

M'kati mwa chipwirikiti chimenechi munali matumba a mitundu yonse iwiri. Ku Britain kunali banki ya Royal Bank of Scotland, yomwe mu 2007 inatsogolera mabanki ena pogula banki ya ku Holland ya ABN AMRO pa mtengo wokwera zedi. Pakati pa chaka cha 2008 bankiyo inapempha eni masheya ake kuti aonjezere ndalama zokwana mapaundi 12 biliyoni, pogula masheya atsopano pa mtengo wa 200p imodzi. Ambiri anati uwu ndiye mwayi, popeza chaka chapitacho sheya yomweyo inkagulidwa pa mtengo woposa kawiri. Pofika Januwale 2009 sheyayo siinkafika n'komwe 15p, ndipo boma la Britain linali litatenga gawo lalikulu la bankiyo kuti isafe. Eni masheya a banki ina, ya Northern Rock, imene boma linatenga mu Febuluwale 2008, sanalandire ndi khobidi lomwe.

Tsono taonani mbali inayi. Mwa makampani 30 a muyeso wa Dow Jones, awiri okha ndiwo anatha chaka cha 2008 masheya awo atakwera mtengo: Walmart, ya masitolo a zinthu zotchipa, ndi McDonald's, ya zakudya zotchipa. Makampani monga Coca-Cola, Procter & Gamble ndi Johnson & Johnson mitengo yawo inatsika ndithu, koma anapitiriza kupanga phindu, ndipo gawo la phindu lomwe amapereka kwa eni masheya ankalionjezera chaka ndi chaka. Anthu analeka kugula nyumba ndi magalimoto atsopano, koma sanaleke kusamba, kudya ndi kumwa mankhwala. Amene anagula masheya otere pa nthawi ya mantha ija n'kuwasunga, anapindula. Msika wonse unabwerera pa mlingo wa 2007 mu Malichi 2013.

Nanga dzanja timapisa bwanji? Ndili ndi mafunso asanu oti muzifunsa musanatulutse ndalama.

Funso loyamba, ndipo ndi lalikulu pa onse: kodi kampaniyi ili ndi ngongole zochuluka bwanji, ndipo ziyenera kubwezedwa liti? Nthawi ya mavuto kampani siifa chifukwa choti phindu lachepa. Imafa chifukwa angongole afika pakhomo ndipo m'thumba mulibe kanthu. Lehman Brothers inali ndi katundu wa madola pafupifupi 30 pa dola imodzi iliyonse ya eni ake, zotsalazo zinali zokongola. Tachitani masamu. Mwaika K1 yanu, mwakongola K29, mwagula katundu wa K30. Katunduyo akatsika mtengo ndi K1 yokha, kumene kuli kutsika ndi 3 peresenti ndi pang'ono, mpamba wanu watheratu, koma ngongole ya K29 ija ikadali pomwepo. Choncho mukatsegula lipoti la pachaka la kampani, musayambe ndi chithunzi cha bwana wamkulu akumwetulira. Pitani pa tsamba loonetsa katundu ndi ngongole. Onani ngati phindu la pachaka likukwana kulipira chiwongoladzanja kangapo, osati kamodzi kokha movutikira.

Kwa ife kuno pali china choonjezera: ngongoleyo ili m'ndalama yanji? Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha, moti dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Kampani imene inakongola madola koma imagulitsa katundu wake pa kwacha inadzuka m'mawa ngongole yake itakula ndi 44 peresenti, isanakongole ndi tambala yomwe yoonjezera. Pomwe kampani yogulitsa katundu kunja n'kumalandira madola, tsiku lomwelo inapeza makwacha ochuluka. Kugwa kwa kwacha kumodzi komweko kunapweteka wina n'kunenepetsa mnzake. Zoterezi zinachitikanso mu Meyi 2012 ndi mu Meyi 2022, ndiye si zoti n'kumati zatidzidzimutsa.

Funso lachiwiri: kodi zimene kampaniyi imagulitsa, anthu adzazigulabe ndalama zikawathera? Izi taziona kale pa chitsanzo cha 2008. Banja likapanikizika limasiya kaye tchuthi cha kunyanja, mipando yatsopano ndi kumanga nyumba. Sopo, shuga, mchere, magetsi ndi mayunitsi a foni zimatsalira mpaka pomaliza. Funsaninso ngati kampaniyo ingathe kukweza mitengo yake zinthu zikamakwera mtengo, makasitomala osathawa. M'dziko ngati lathu, momwe kukwera mitengo kwa zinthu kumadya ndalama chaka ndi chaka, kampani yosatha kukweza mitengo imaonda pang'onopang'ono ngakhale malonda ake akuyenda.

Funso lachitatu: kodi mabuku ake ndi oona, ndipo akuiyendetsa ndi anthu otani? Apa ndikumbutse inu amene munakhala ku South Africa za kampani ya Steinhoff. Inali imodzi mwa makampani akuluakulu pa msika wa ku Johannesburg, ndipo masitolo a Pep, omwe ambiri mumawadziwa, anali m'manja mwake. Kumayambiriro kwa Disembala 2017 mkulu wake, Markus Jooste, anatula pansi udindo akatswiri owerengera mabuku atakana kusainira malipoti a chaka chimenecho. M'masiku ochepa sheya imene inkagulidwa pa marandi oposa 40 inatsika mpaka pansi pa marandi 10. Panali anthu amene anati kampani yaikulu chotere singafe, tiyeni tigule yatchipa. Mtengo unapitirira kutsika mpaka sheyayo inasanduka ya masenti. Kafukufuku wa PwC, yemwe zotsatira zake zinalengezedwa mu Malichi 2019, anapeza malonda abodza ndi osalongosoka okwana mayuro 6.5 biliyoni, ndipo mu 2023 kampaniyo inachotsedwa pa msika. Thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma la South Africa linataya mabiliyoni a marandi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zizindikiro za nyerere zimaoneka kwa munthu wopenyetsetsa. Lipoti la pachaka likuchedwa kutuluka popanda chifukwa chomveka. Owerengera mabuku akusinthidwasinthidwa kapena alemba mawu okayikira. Kampani ikugula makampani ena motsatizana ndi ndalama zokongola. Phindu la papepala ndi lalikulu koma ndalama zenizeni zolowa ku banki ndi zochepa. Kampani ikuchita malonda ndi makampani a mabwana ake omwe. Mukaona ziwiri kapena zitatu mwa izi, bwezani ndalama m'thumba. Ndipo ngati mwawerenga lipoti kawiri koma simukumvetsa kuti kampaniyo imapeza bwanji ndalama, isiyeni. Makampani ena alipo.

Pano ndikufuna kutsindika ufulu umene ambiri sitiugwiritsa ntchito. Kale, mabuku a Press Holdings sanali oti munthu wamba n'kufunsa. Kuyambira 1998 Press Corporation ili pa msika wa masheya, ndipo monga kampani ina iliyonse ya pamsikapo iyenera kusindikiza zotsatira za malonda ake ndi kuitanitsa msonkhano wa eni masheya chaka chilichonse. Ngakhale muli ndi masheya 100 okha, muli ndi ufulu wopita ku msonkhanowo, kuimika dzanja, kufunsa ndi kuponya voti. Pitani mukaone mmene akuluakulu a kampani akuyankhira funso lovuta. Safunsa anadya phula.

Funso lachinayi: kodi mtengo watsikadi poyerekeza ndi phindu, kapena wangotsika poyerekeza ndi dzulo? Anthu ambiri amagwa m'mbuna apa. Sheya imene yachoka pa K200 kufika pa K100 siinatchipe ayi ngati phindu lake nalo lagwa kuposa pamenepo. Tiyerekeze makampani awiri, onse sheya yawo ili pa K100. Yoyamba imapanga phindu la K20 pa sheya iliyonse pachaka, yachiwiri K4. Yoyambayo mwaigula pa mtengo wofanana ndi phindu la zaka 5, yachiwiriyo wa zaka 25. Musatengere phindu la chaka chimodzi chokha. Tengani la zaka zisanu kapena kuposerapo, muone mmene kampaniyo inachitira m'chaka choipa. Kenaka yerekezani gawo la phindu lomwe imapereka kwa eni masheya ndi chiwongoladzanja chimene mungapeze pokongoza boma kudzera m'ma Treasury bill kapena posunga ku banki. Chiwongoladzanja chikakwera, anthu ambiri amachotsa ndalama m'masheya kupita nazo kumeneko, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene msika umagwera ngakhale makampani ali bwinobwino.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Benjamin Graham, mphunzitsi wa ku Columbia University ku New York, anaona ndi maso ake kugwa kwa msika kwa 1929, pomwe muyeso wa Dow Jones unachoka pa 381 mu Seputembala 1929 kufika pa 41 mu Julayi 1932. M'buku lake la 1949, The Intelligent Investor, anaphunzitsa kuti munthu aziyamba wawerengera yekha mtengo woyenera wa kampani, kenaka azigula pokhapokha msika ukugulitsa motsika kwambiri kuposa pamenepo, kuti ngakhale masamu ake ataphonya pang'ono asapweteke. Zili ngati mmisiri amene akufuna kuti mlatho uzidutsa lole ya matani 10, koma amaumanga woti n'kupirira matani 20.

Funso lachisanu si lofunsa kampani koma inu eni: ndalama imene mukufuna kugulira masheyayi mudzaifuna liti? Palibe munthu amene amadziwa tsiku limene msika udzaleke kugwa. Warren Buffett, wophunzira wa Graham yemwe anadzakhala mmodzi mwa anthu olemera kwambiri pa dziko lapansi, analemba m'nyuzipepala ya New York Times mu Okutobala 2008 kuti wayamba kugula masheya a ku America ndi ndalama zakezake. Msika unapitirira kugwa miyezi ina pafupifupi isanu, ndi kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Iye anatha kudikira chifukwa ndalamazo sizinali za lendi kapena za fizi. Ndipo kudikirako nthawi zina kumatalika koopsa. Dow Jones inadzafikanso pa mlingo wa 1929 m'chaka cha 1954. Ku Japan muyeso wa Nikkei unafika pa 38,915 mu Disembala 1989, ndipo unadzadutsa pamenepo mu Febuluwale 2024, patatha zaka 34. Inde, nthawi zina msika umadzuka msanga, monga zinachitikira mu 2020 pa nthawi ya Covid-19, pomwe S&P 500 inagwa ndi 34 peresenti m'masabata asanu n'kubwerera m'miyezi yochepa. Koma musapange bajeti ya banja lanu podalira kuti zidzatero.

Pa chifukwa chimenechi, ndalama ya fizi, ya feteleza ndi ya chipatala isapite ku masheya. Ndalama ya katapila kapena ya banki m'khonde isayandikire n'komwe, chifukwa wokongoza sadikira kuti msika udzuke, ndipo adzakukakamizani kugulitsa pa tsiku loipitsitsa. Imene mwapatula kuti ndi ya masheya, muigawe panayi kapena pasanu, muzigula pang'onopang'ono pa miyezi ingapo. Mtengo ukatsikanso mudzagula motchipa, ukakwera mudzakhala mutagwirako kale. Musaunjikenso zonse pa kampani imodzi kapena pa makampani a ntchito imodzi. Pa msika wathu makampani sakwana 20, ndipo angapo mwa iwo ndi mabanki kapena eni mabanki. Munthu amene ali ndi masheya a mabanki anayi amaganiza kuti wamwaza mbewu m'minda inayi, chonsecho ndi munda umodzi womwewo, wodalira mvula imodzi.

Pali vuto linanso la msika waung'ono ngati wathu. Masheya ena amatha masiku osagulidwa kapena kugulitsidwa. Mtengo wa m'nyuzipepala ukhoza kuoneka wosasunthika, koma tsiku limene mukufuna kugulitsa mupeza kuti wogula palibe. Funsani kampani yokugulirani masheya kuti sheya imene mukufunayo imayenda kangati pa sabata. Onetsetsaninso kuti kampani yokugulirayo ili ndi chiphaso, ndipo kuti masheya alembedwa m'dzina lanu. Msika ukamagwa ndi pomwe amatulukira anthu olonjeza kuti adzachulukitsa ndalama zanu kawiri pa mwezi. Athaweni.

Pomaliza ndiyankhule ndi inu amene muli nawo kale masheya ndipo mtengo ukukutsikirani m'manja. Musagulitse chifukwa choti mnansi wagulitsa, komanso musakakamire chifukwa choti mukufuna mtengo ubwerere pomwe munagulira. Msika sudziwa kuti inu munagula pa mtengo wanji. Tengani mafunso asanu aja muifunse kampani yanuyo ngati kuti mukuiona koyamba lero. Ngati ngongole zake n'zochepa, katundu wake akugulidwabe, mabuku ake ndi oyera ndipo phindu likubwera, ugwireni mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ngati mayankho akusonyeza kuti yafumbwa, gulitsani ngakhale moluza, chifukwa theka la thumba likuposa thumba lopanda kanthu.

Ntchito imeneyi iyambeni sabata ino, msika usanagwe. Sankhani makampani atatu kapena anayi amene malonda awo mumawamvetsa, pezani malipoti awo a pachaka, ndipo lembani m'kope ngongole zawo, phindu la zaka zisanu ndi mtengo umene mungakondwe kugulira. Tsiku la mantha likadzafika, anzanu adzakhala akufunsana mphekesera, inu mudzangotsegula kope lanu.

A Pampando, ndalankhula nthawi yaitali. Ndiime pomwepa kuti tipatse mpata mafunso.